Zokolola zalowa, nanga khasu lagona kuti?

Mwezi wa Juni ukafika, chimanga chili m'matumba ndipo maso onse ali pa msika. Makasu, zikwanje ndi zikwakwa zimangotayidwa kuseri kwa nyumba kapena pansi pa nkhokwe. Zida zambiri zimawonongeka nthawi imeneyi, pamene sizikugwira ntchito, ndipo mwini wake amadzazindikira mu Okutobala akufuna kuyamba kugalauza.

Dzimbiri silidikira mvula

Ambiri timaganiza kuti mvula ikatha chitsulo chapulumuka. Koma dzimbiri limangofuna chinyezi ndi mpweya basi. Mame a m'mawa mu Juni ndi Julayi amakwana, ndipo ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre chiperoni chimatha kunyowetsa chilichonse chosiyidwa panja kwa masiku angapo. Dothi louma lomatirira pa khasu limamwa chinyezicho n'kuchisunga pachitsulo pomwepo. Feteleza ndiye woopsa kwambiri: fosholo kapena wilibala yomwe inanyamula yureya osatsukidwa imadyeka mpaka kubooka.

Choncho palani dothi lonse ndi kamtengo, tsukani, ndipo yanikani padzuwa kuti ziume ndithu. Pomwe dzimbiri layamba kale, kwechani ndi mchenga kapena sitiluwulu, kenako pakani mafuta pang'ono ndi kansanza. Anthu amakonda oyilo wakutha wa galimoto chifukwa ndi wosavuta kupeza. Amateteza ndithu, koma ali ndi zoipa zomwe sitingafune m'bedi la masamba, ndiye mpukuteni bwino musanakalimire. Mafuta a nsatsi kapena ophikira amagwiranso ntchitoyo.

Kutsukaku kuli ndi phindu lina. Njere za kaufiti n'zazing'ono ngati fumbi, zimayenda ndi dothi la pa khasu kuchoka munda wina kupita munda wina, ndipo zimatha kukhala m'nthaka zaka zoposa 10 zili zamoyo. Khasu lobwereka kwa mnansi lizitsukidwa lisanalowe m'munda mwanu.

Mpini

Mtengo umafufuma nthawi ya dzinja, n'kufota kukauma. N'chifukwa chake khasu lomwe linali lolimba mu Febuluwale limagwedera m'chilimwe, ndipo tsiku lina limaguluka lili m'mwamba, mwana ali pafupi. Kuviika mpini m'madzi usiku wonse kumalimbitsa kwa masiku ochepa chabe. Ukaumanso bowo limakhala litakula. Chabwino n'kuona msuka ngati wakhala bwino, ndipo mpini ukang'aluka kumutu, sinthani wonse. Dulani wina panopa kuti uume pang'onopang'ono pamthunzi, chifukwa mpini wauwisi umagwedera sabata zingapo zokha zikadutsa.

Ndipo musautsamize pansi. Chiswe chimadya m'kati n'kusiya khungu looneka bwinobwino. Pachikani zida pakhoma kapena ziikeni pathandala, kumaso kutaloza kumene ana sangafikeko.

Kunola

Nolani musanasunge. Pa khasu ndi fosholo, tupa liziyenda mbali imodzi, motsatira kupendekeka komwe kunalipo kale. Nkhwangwa ndi chikwanje zimanoledwa mbali zonse ziwiri, pamwala wothira madzi. Mukapita kwa onola ndi makina, auzeni asatenthetse chitsulo mpaka kusintha mtundu, chifukwa chikatero chimafewa ndipo chimabuntha msanga.

Sipuleya imafuna chisamaliro chake

Apa ndiye pali moyo wa munthu. Musasunge sipuleya muli mankhwala otsala. Itsukeni katatu, mukupopa madziwo kuti adutse m'paipi ndi pa nozo, ndipo madzi otsukirawo akatayidwe kutali ndi chitsime kapena mtsinje. Nozo ikatsekeka musaiuzire ndi pakamwa, komanso musaibaye ndi waya poti bowo likakula mankhwala amatuluka mopyola muyeso. Kaudzu kofewa kamakwana. Isungeni pamthunzi, chifukwa pulasitiki amauma n'kusweka padzuwa.

Za kudimba sizipuma

Kwa olima tomato, anyezi ndi mpiru, nyengo yozizira ndiyo ya ntchito. Zida zawo zimakumana ndi matope tsiku ndi tsiku, ndiye zizitsukidwa poweruka. Kheni azigona chozondoka kuti madzi asatsalire pansi, wilibala ipakidwe girisi pa ekiselo, ndipo mapaipi a pampu azikulungidwa bwino osapindika, n'kuchotsedwa padzuwa.

Ngati makasu anu akadali pomwe munawasiya tsiku lomaliza kupalira, kawatengeni lero, muyambe ndi kupala dothilo.