Mpweya m'Phala la Pepala

Munthu akatenga pepala lopyapyala naliyang'anitsa ku dzuwa, nthawi zina aona timaboo tating'ono monga tobooledwa ndi singano. Kawiri-kawiri cimene cinaboola si njenjete ai, koma mpweya umene unalowa pamene pepalalo linali kupangidwa.

Mapepala ambiri acokera ku mitengo monga paini ndi bulugamu. Mitengoyo idulidwa m'tizidutswa, niphikidwa ndi mankhwala kapena kuperedwa kufikira isanduka timaluzi tofewa. Timaluzito tisanganizidwa ndi madzi ambiri, ndipo cotulukapo cioneka ngati phala lamadzimadzi. Pa magawo 100 a phalalo, pafupi-fupi magawo 99 ndi madzi okha. Phalalo lithiridwa pa sefa wamkulu woyenda. Madzi adontha pansi, koma timaluzi titsala pamwamba ndi kulukana, ndipo tikafinyidwa ndi kuumitsidwa tikhala pepala. Makina oyamba a mtundu uwu anapangidwa ndi Louis-Nicolas Robert wa ku France m'caka ca 1798.

Mpweya ulowa m'phala pamene likutakasidwa ndiponso pamene likugwa kucokera m'mipope kulowa m'matanki. Ukalowa ukhalamo m'njira zitatu. Wina usungunuka m'madzi monga shuga m'tiyi, ndipo suoneka konse. Wina ukhala timathovu tating'ono tomatirira ku timaluzi. Wina ukwera pamwamba nukhala thovu, monga la thobwa losasa.

Mpweya wosungunukawo sukhala cete masiku onse. Botolo la cakumwa ca gasi likatsegulidwa, timathovu tioneka mwadzidzidzi m'cakumwa cimene cinali mbee. Comweco cicitika ndi phala pamene lituluka m'mpope mmene linapanikizidwa, kapena pamene madzi ace atenthedwa, pakuti madzi ofunda sasunga mpweya wambiri. Palinso mpweya wina wochedwa carbon dioxide, umene utuluka m'coko cothiridwa m'phala kuti pepala liyere, cokoco cikakomana ndi madzi a asidi.

Timathovu timeneti tisautsa kwambiri opanga mapepala. Titseka njira za madzi pakati pa timaluzi, cotero phala licedwa kuuma ndipo makina ayenera kuyenda pang'ono-pang'ono. Kathovu kakaphulika pa sefa kasiya boo kapena malo opyapyala, ndipo pepala lotere ling'ambika msanga m'makina osindikizira mabuku.

Cifukwa ca ici anchito acotsa mpweya phala lisanafike pa sefa. Alipopera m'tanki yotseka imene mpweya wace ukokedwa kosaleka. M'menemo timathovu titupa, tiphulika, ndipo mpweya wace ukokedwa kunja. Athiranso mankhwala pang'ono ophwanya thovu.

Koma pali nchito ina imene mpweya uthandiza. Manyuzi akale akasonkhanitsidwa kuti apangidwenso, aviikidwa m'madzi kufikira asanduka phala lakuda ndi inki. Pamenepo anchito athira mankhwala onga sopo, nauzira mpweya m'phalamo mwadala. Inki sigwirizana ndi madzi, cotero imatirira ku timathovu nikwera nato pamwamba. Thovu lakudalo liyengulidwa, ndipo pansi patsala timaluzi toyera topangira pepala latsopano.

Motero wopanga pepala waluso ayenera kudziwa pofunika kuthamangitsa mpweya ndi pofunika kuuitana. Tsamba losalala la m'buku la sukulu, limene cholembera ciyendapo bwino, ndi umboni wakuti iye anaidziwa nchito yace.

Mafunso

1. Chulani njira zitatu zimene mpweya ukhalira m'phala la pepala.
2. Cifukwa ninji madzi ofunda atulutsa timathovu?
3. Kodi timaboo ta m'pepala tibwera bwanji?
4. Fotokozani mmene mpweya ucotsera inki m'manyuzi akale.