Swiswiri, Kamlenje ka Mphuno Yosongoka

Ana anga, senderani pafupi, mukhale pamphasa. Kodi munamvapo kakulira koti "tswii! tswii!" kuseri kwa mtsuko usiku? Ine, azakhali anu, ndinakamva sabata yatha. Nditaunika ndi tochi, ndinaona kanyama kotuwa kakuthamanga m'mbali mwa khoma. Mwana wa mchimwene wanga anafuula kuti, "Khoswe! Tengani mpini!" Ndinamugwira mkono msanga. Sanali khoswe ayi. Anali swiswiri.

Tingamudziwe bwanji swiswiri? Yang'anani mphuno yake. Ndi yaitali, yosongoka ngati pensulo yosongola kumene. Ndipo sikhala chete. Imangogwedera uku ndi uku, kununkhiza chilichonse. Maso ake ndi aang'ono kwambiri, ngati njere za mawere. Ubweya wake ndi waufupi, wosalala. Mbewa ili ndi maso aakulu owala ndi mphuno yaifupi. Tatengani pepala, mujambule awiriwa moyandikana. Mukatalikitsa mphuno ndi kuchepetsa maso, mwajambula swiswiri.

Ndiye kuti ndi mng'ono wake wa mbewa? Ayi, si pachibale. Chinsinsi chili m'kamwa. Mbewa ndi khoswe ali ndi mano anayi aakulu akutsogolo, awiri m'mwamba, awiri m'munsi. Mano amenewa amakula moyo wonse. N'chifukwa chake khoswe amangokhalira kukukuta: chimanga, thumba, sopo, ngakhale buku lanu la masamu. Mano a swiswiri ndi osongoka ngati minga. Mano otere si okukutira chimanga chouma. Ndi mano a mlenje.

Nanga mlenje wamng'ono chonchi amasaka chiyani? Tambasulani zala, tiwerenge pamodzi. Mphemvu. Nkhululu. Ziwala. Chiswe. Akangaude. Mbozi. Mphutsi za m'nthaka. Nyongolotsi. Tinkhono. Chatsala chala chimodzi chokha, si choncho? Tsono taganizani. Mwa tizilombo timeneti, ndi tingati timene amayi amadandaula nato kudimba? Mbozi zimaboola masamba a kabichi. Mphutsi zimadya mizu. Ziwala zimatha mbande. Swiswiri amazisaka usiku ndi usana, pansi pa masamba ouma, ndipo salandira malipiro.

Amadya zochuluka bwanji? Apa ndiye gwirani pakamwa. Aswiswiri ambiri amadya chakudya cholemera pafupifupi ngati thupi lawo pa tsiku limodzi. Tiyerekeze kuti inu mumalemera makilogalamu 30. Mukanakhala swiswiri, bwenzi mukudya chakudya cholemera makilogalamu 30 lero. Mawa chimodzimodzi. Thumba la chimanga lija la makilogalamu 50 silikanafika masiku awiri! Amayi akanatopa ndi kupita kuchigayo. Ndipo swiswiri sangadikire chakudya monga mumadikira inu kuti muweruke kusukulu. Akakhala maola angapo osadya, amafooka mpaka kufa. Choncho amadya, nagona pang'ono, nadzukanso kukasaka.

Chifukwa chiyani njala yake sitha? Yankho lili m'mbale ya nsima. Madzulo ano, amayi akamaomola nsima, apempheni mtanda umodzi waukulu ndi kambamu kakang'ono. Ikani zonse pambale, mudikire pang'ono, kenako mukhudze. Chazizira msanga n'chiti? Kambamu kaja. Chinthu chaching'ono chimataya kutentha mofulumira. Thupi la swiswiri lili ngati kambamu kameneko. Kuti lisazizire, moto wa m'thupi mwake uyenera kuyaka kwambiri nthawi zonse, ndipo nkhuni za moto umenewo ndi chakudya. Mukamuona akuthamanga ngati wachedwa basi, dziwani kuti akufuna nkhuni zake.

Kodi mtima wa kanyama kotere umagunda bwanji? Yambani ndi wanu. Ikani dzanja pachifuwa, mnzanu ayang'ane wotchi, muwerenge kwa mphindi imodzi. Mwina mupeza 80 kapena 90. Tsono mverani izi. Kumayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, monga Italy ndi Spain, mpaka ku Asia, kuli mtundu wina wa swiswiri wochepetsetsa. Umalemera pafupifupi magalamu 2 okha. Shuga wodzaza kasupuni ka tiyi amalemera kuposa iye. Mwa nyama zonse zoyamwitsa, palibe yopepuka kuposa ameneyu. Mtima wake umatha kugunda ka 1,500 pa mphindi imodzi. Gawani 1,500 ndi 60. Mwapeza 25? Kumeneko ndi kugunda kwa pa sekondi imodzi yokha. Ndiye kuti mukangonena mawu oti "Lilongwe", mtima wake wagunda kale ka 25. Tayesani kuomba m'manja ka 25 musanamalize kunena "Lilongwe". Mwalephera? Nanenso ndinayesa, manja anangopweteka.

Kodi aswiswiri onse ndi ofanana? Ayi, mitundu yawo imaposa 350 padziko lonse, ndipo yambiri ili mu Africa muno. M'nkhalango za ku Congo, Uganda ndi Rwanda muli wina wa msana wolimba modabwitsa. Mafupa a msana wake ndi olukanalukana. Lowetsani zala za dzanja lamanja pakati pa zala za dzanja lamanzere, mufinye. Muuze mnzanu ayese kuzilekanitsa. Msana wake ndi wogwirana chotero. Mu 2013 akatswiri a nyama analengeza kuti apeza mtundu wachiwiri wa swiswiri wotereyu ku Congo komweko.

Nanga ana ake amayenda nawo bwanji? Iyi ndiye nkhani imene ndimaikonda koposa. Mayi swiswiri akaona kuti chisa chake chasokonezedwa, amasamuka. Koma alibe nsalu yoberekera. Ndiye mwana woyamba amaluma ubweya wa mayi pafupi ndi mchira. Wachiwiri amaluma woyamba. Wachitatu amaluma wachiwiri. Onse amandandalika ngati mabogi a sitima ya pamtunda. Mayi akakhota, onse akhota. Mayi akaima, onse aima. Munthu ukaona patali, ungaganize kuti ndi kanjoka kaubweya. Itanani anzanu anayi kapena asanu, aliyense agwire malaya a mnzake kumbuyo. Wotsogola yekha ndiye atsegule maso. Zungulirani mtengo wa mango osadukana. Mufika kangati?

Mwina agogo anakuuzanipo kuti swiswiri akadutsa njira amafa. Kodi mawu amenewa anachokera kuti? Agogo anaonadi chinthu chenicheni. Kawirikawiri timapeza swiswiri atafa panjira, thupi lake lili lathunthu. Chifukwa chake ndi fungo. M'mbali mwa thupi lake mumatuluka fungo lamphamvu, losasangalatsa. Mphaka amamugwira usiku poyesa mbewa, koma akamva fungolo amamusiya pomwepo osamudya. Ena amafa ndi njala kapena ukalamba, pakuti moyo wa swiswiri ndi waufupi, chaka chimodzi kapena ziwiri. Akafera m'udzu sitimuona. Akafera panjira poyera, aliyense amamuona. Anyamata okumba mbewa nawonso amalidziwa fungoli, ndipo ambiri samuika pa mpani. Koma kadzidzi alibe nazo ntchito, amangomeza.

Tsono ngati ndi wa kudimba, m'nyumba mwathu amadzatani? Amatsata chakudya chake. Nyumba ikakhala ndi mphemvu kapena nkhululu, mphuno ija imamulondolera. Nthawi yozizira ya Juni ndi Julayi, m'nyumba mumakhalanso mofunda. Kodi tizimusiya azikhala nafe? Apa azakhali anu akuti ayi. Ndimamukonda, koma kukhitchini si kwawo. Amasiya tuvi ndi mkodzo paliponse, ndipo izi zimatha kubweretsa matenda. Amanunkhitsa m'nyumba. Akapeza usipa kapena nyama yosavundikira, amalawako. Ndipo ukamugwira amaluma, pakuti ndi waukali kuposa msinkhu wake.

Koma tidziwa bwanji kuti wolowa m'nyumba ndi swiswiri, osati khoswe? Khalani apolisi ofufuza. Madzulo, sefani phulusa lozizira, muliwaze pang'ono m'mbali mwa khoma. M'mawa, gwadani muone mapazi. Werengani zala za phazi lakutsogolo. Zikakhala zinayi, wadutsa ndi khoswe kapena mbewa. Zikakhala zisanu, ndi swiswiri. Timapazi take ndi tating'ono, choncho yang'anitsitsani. Pali zizindikiro zinanso. Thumba lobooka ndi chimanga chokukutidwa, umenewo ndi mlandu wa khoswe. Mbatata ndi chinangwa zodyedwa pansi, ndi milu ya dothi m'munda, umenewo ndi mlandu wa fuko. Nthawi zambiri swiswiri amakwapulidwa pa milandu ya anzakewa, ndipo zimenezi zimandimvetsa chisoni.

Titani kuti asalowenso? Tsekani makomo ake, ndipo muchotse chomwe chimamuitana. Zungulirani nyumba yonse ndi munthu wamkulu, kunja ndi m'kati. Yang'anani pansi pa chitseko, m'makona, ndi pamene khoma lang'ambika. Bowo loti chala chanu n'kulowa, swiswiri wamng'ono atha kulowanso. Werengani mabowo amene mwapeza. Amateni ndi dothi losakaniza ndi timiyala, kapena ndi simenti ngati ilipo. Kenako thandizani amayi. Tsukani mbale musanagone. Vundikirani ndiwo. Sesani nyenyeswa za nsima. Mukatero mphemvu zimachepa, ndipo mlenje uja amaona kuti muno mulibe nyama. Kunja, nkhuni ndi njerwa zisaunjikidwe motsamira khoma. Udzu wozungulira nyumba utchetchedwe. Swiswiri amaopa kuyenda poyera.

Nanga akakhala kuti ali kale m'nyumba? Choyamba, itanani munthu wamkulu. Musamugwire ndi manja, ngakhale atafa. Njira yapafupi ndi kutsegula chitseko, n'kumuongolera kunja pang'onopang'ono ndi tsache. Amakonda kutsata khoma, choncho musamutsekere njira yopita kukhomo. Akakana, wamkulu amuvundikire ndi ndowa kapena beseni. Kenako alowetse katoni yolimba pansi pake, n'kunyamula zonse pamodzi. Mukukumbukira za njala yake ija? Musamusunge m'ndowa mpaka mawa kuti mukaonetse anzanu kusukulu. Mudzamupeza atafa. Pitani naye nthawi yomweyo kutali ndi nyumba, kumene kuli udzu ndi masamba ouma. Mukabwerako, sambani m'manja ndi sopo, ndipo pamene panali tuvi pakolopedwe ndi madzi a sopo. Wina akalumidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo akuluakulu apite naye kuchipatala.

Bwanji osangomuthirira mankhwala a makoswe? Apa ndikupemphani mumvetsere bwino, ana anga. Mankhwala amenewo ndi poizoni. Mwana asawakhudze, asawanunkhize, asawanyamule. Poizoni sasankha. Nkhuku ikatola, imafa. Galu akanyambita, amafa. Mphaka kapena kadzidzi akadya khoswe amene wadya poizoni, nayenso amadwala. Kamwana kokwawa katha kutola n'kuika m'kamwa. Komanso nyambo zambiri za makoswe zimakhala za ufa ndi chimanga, pamene swiswiri amafuna tizilombo toyenda. Mukaona kapepala ka mankhwala otere pansi, uzani wamkulu msanga.

Ndiye kudimba timuthamangitsenso? Ayi, kumeneko musiyeni. Ndi zoona kuti amadyako nyongolotsi, zimene zimathandiza nthaka. Koma mbozi ndi mphutsi zimene amatha ndi zambiri, ndipo tomato wanu kapena mpiru saudya. Ngati dimba lili patali ndi nyumba, siyani mulu wa udzu wouma pakona imodzi. Pansi pake pamakhala chinyezi, tizilombo timasonkhana, ndipo swiswiri amapeza pogona ndi podyera.

Kodi mlendo wanga wa sabata yatha uja anathera kuti? Ine ndi mwana wa mchimwene wanga tinamuvundikira ndi ndowa, n'kupita naye kudimba usiku womwewo, tochi ili m'manja. Titapendeketsa ndowa, anayamba watulutsa mphuno. Inagwedera kumanja, inagwedera kumanzere. Kenako psuu! Analowa pansi pa udzu wophimbira tomato. Tinaima chete, n'kumamva masamba ouma akuchita tswatswatswa. Mnyamata uja ananong'ona kuti, "Azakhali, wayamba kale kusaka." M'mawa mwake tinazungulira khitchini yathu, ndipo tinapeza mabowo atatu. Awiri anali m'makona, limodzi pansi pa chitseko. Nanga kwanuko mupeza angati?