Njira ya Mphenzi ndi Njira ya Madzi

M'mwezi wa Novembala, dzuwa likaswa mtengo tsiku lonse, anthu a ku Kawale, Biwi ndi Area 23 mumzinda wa Lilongwe amadziwiratu kuti usiku wake sukhala wamtendere. Chakumadzulo kumadza kamphepo kozizira kouluza fumbi ndi majumbo, kutali kukung'anima popanda phokoso. Amayi amaanula zovala, ogulitsa makala amafunditsa matumba awo, mbaula imalowa pakhonde. Kenako magetsi amathima, madontho oyamba amagogoda pamalata, ndipo pasanathe nthawi anthu okhala m'chipinda chimodzi samvananso. Kukang'anima, mudzi wonse umaoneka mbee ngati masana: migolo yokingira madzi, mitengo ya mango ikuwerama, msewu utasanduka mtsinje. Kukacha zimamveka kuti uko khoma lagwera ana, uko mphenzi yapha munthu, ndipo pamaliro funso limakhala limodzi: bwanji iyeyu? Ena amati ndi tsoka chabe, ena amanong'ona kuti mphenziyo inali yotumidwa. Mayankho onse awiriwa amabisa chinthu chimene tingathe kuchiona ndi maso. Mphenzi ndi madzi zili ndi njira zake zodziwika, ndipo zambiri mwa njirazo timazilambula ndife anthu pomanga nyumba ndi mizinda yathu.

Mvula ya usiku imabadwa masana. Nthaka ikatentha, mpweya wa pamwamba pake umakwera, ndipo m'dzinja mpweyawo umakhala utasenza chinyontho chochokera ku nkhalango za ku Congo ndi ku nyanja ya India. Ukamakwera umazizira, nthunzi nkusanduka timadontho, mtambo nkukula mpaka makilomita 12 kapena kuposerapo. Kumwamba kumeneko madzi amaundana. Matalala olemera amatsika, timadzi toundana topepuka tikukwera, ndipo pokhulana zimalandana mphamvu ya magetsi, kotero kuti kumutu kwa mtambo kumadzaza mphamvu ya mtundu umodzi, kumunsi ya mtundu wina. Kusiyanaku kukafika posapiririka, magetsi amaboola mpweya, kaya m'kati mwa mtambo momwemo kaya kutsikira pansi. Mpweya wa m'njira imene adutsa umatentha mpaka madigiri pafupifupi 30,000, kasanu kuposa pamwamba pa dzuwa, ndipo umafufuma mwadzidzidzi. Kuphulika kumeneko ndilo bingu. Kuwala kumatifika nthawi yomweyo, koma phokoso limatenga masekondi atatu kuyenda kilomita imodzi. Munthu wa ku Chinsapo akaona kung'anima nkuwerenga mpaka 6 bingu lisanamveke, mphenziyo yagwa pa mtunda wa makilomita awiri, ndipo yotsatira ikhoza kugwa pakhomo pake.

Potsika, mphenzi imakonda chinthu chotalika chimene chaima pachokha: mtengo wa bulugamu, mlongoti, munthu ali pabwalo la mpira. Koma anthu ambiri ofa ndi mphenzi sikuti imawagwera pamutu. Ikamenya mtengo, magetsi amalumphira kwa amene wausa patsinde, kapena amamwazika m'nthaka yonyowa nkulowera mwendo umodzi kutulukira winawo. Wogona pamphasa amakhudza pansi kuyambira kumutu mpaka kumapazi, motero magetsi amapeza njira yaitali m'thupi mwake, mtima uli pakatikati. Ndicho chifukwa chake ng'ombe zimafa zambiri nthawi imodzi, poti miyendo yake yakutsogolo ndi yakumbuyo ndi yotalikirana. Tsono taganizirani nyumba zambiri za ku Mgona: denga lamalata lokhala pa zidina, lotsindiridwa ndi miyala, popanda waya kapena paipi yachitsulo yotsikira pansi. Mphenzi ikamenya dengalo imasowa potsikira, ndiye imalumphira chilichonse chili pafupi, kaya ndi khoma lonyowa kaya ndi munthu amene watsamira khomalo.

Apa wina atsutsa, ndipo kutsutsa kwake nkofunika kukumvera. M'nyumba munali anthu 7, mphenzi nkupha mmodzi yekha, yemwe dzulo lake anakangana ndi mnzake pa nkhani ya malire a poloti. Kodi kumeneku si kusankha? Wofedwa amafuna chifukwa cholingana ndi kukula kwa chisoni chake, ndipo palibe angamuseke pa chimenecho. Komabe tifunse mmene anthu 7 aja anakhalira. Wina anali pabedi lamatabwa, wina pakati pa chipinda, womwalirayo anali pakhomo akukinga madzi a padenga kapena atagwira foni yolumikizidwa kumagetsi. Kusiyana kwa phazi limodzi kumakwanira. Za mkangano, ndi khomo liti m'makwalala othinana chonchi limene silinakanganepo ndi wina mwezi uno? Umboni wamphamvu koposa ukuchokera ku United States. Mu 1943 mphenzi inapha anthu oposa 400 m'dzikomo, koma zaka zino imapha pafupifupi 20 pachaka, chikhalirecho anthu achuluka kuwirikiza kawiri ndipo mabingu akugundabe ngati kale. Chinasintha ndi nyumba, zimene tsopano zili ndi mawaya ndi mapaipi otsitsa magetsi m'nthaka, komanso kuchepa kwa ogwira ntchito kumunda. Kwathu kuno, kafukufuku wofalitsidwa mu 2012 anapeza kuti m'boma la Nkhata Bay imfa za mphenzi, poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, nzambiri kuposa zimene zinalembedwapo m'madera ambiri a dziko lapansi. Kukhulupirira mphenzi yotumidwa kuli ndi mtengo wake. Lamulo la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti, komabe amene amalozedwa chala kawirikawiri ndi nkhalamba yosauka, pamene denga lopanda chitetezo lija likhalabe momwemo kudikira mvula ina.

Njira ya madzi ndi yosavuta kuiona. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Denga la mamita 8 m'litali ndi 5 m'lifupi likalandira mamilimita 50 usiku umodzi limatsanula malita 2,000, migolo 10 yodzaza. Padambo kapena m'nkhalango madzi ambiri otere akanalowa m'nthaka pang'onopang'ono. Koma Lilongwe, imene mu 1966 inali ndi anthu osakwana 20,000, inakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo pa kalembera wa 2018 inapezeka ndi anthu pafupifupi 990,000. Malo amene kale ankamwa madzi lero ndi malata, simenti ndi mabwalo opondedwa mpaka kuuma gwa. Ngalande zochepa zimene zilipo zimatsekedwa ndi majumbo, mabotolo ndi zinyalala. M'mphepete mwa mitsinje anthu akukumba mchenga ndi kuumba njerwa, magombe nkumagumuka, ndipo ku Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira, mitengo ikutha ndi makala amene timaphikira m'tauni momwe muno. Zotsatira zake tinaziona. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira ku Mtandire mpaka asilikali anachita kupulumutsa anthu ndi helikopita. Mu Disembala chaka chomwecho madzi anakokolola nyumba ku Kaliyeka, Chipasula, Mchesi ndi Kawale, anthu nkutaya miyoyo, ndipo mu Januwale 2019 madera omwewo anamiranso. Maina akabwerezeka chonchi, ndiye kuti madzi akungotsata kutsetsereka kwa nthaka, ndipo m'njira yakeyo mwamangidwa nyumba.

Kutsutsa kwachiwiri nkolemera kuposa koyamba. Wina anena kuti kulankhula chonchi nkudzudzula osauka: munthu sapita kukachita lendi m'mphepete mwa mtsinje chifukwa chokonda madzi, amapita chifukwa nkumene ndalama zake zikukwanira, ndipo zidina amamangira poti simenti ndi yodula. Izi nzoona, ndipo zikulimbikitsa mfundo yathu. Mvula imene imagwetsa makoma ku Mgona ndi yomweyo imene imagwa ku Area 10 ndi Area 43, kumene anthu amaimvera ali m'bulangeti nkudzuka bwinobwino. Kusiyana kuli pa maziko a nyumba, pa ngalande, ndi pa amene anapatsidwa poloti pamtunda. Zimenezi ndi zosankha za anthu, ndipo zazikuluzo zili m'manja mwa khonsolo ya mzinda, unduna wa za malo, mafumu ogawa malo padambo, ndi eni nyumba omanga mizere ya zipinda zalendi popanda maziko okwera. Ena amati vuto ndi kusintha kwa nyengo. Nzoona kuti mpweya wotentha umasenza chinyontho chambiri, pafupifupi magawo 7 pa 100 alionse kutentha kukakwera ndi digiri imodzi, kotero mvula yamphamvu ikhala ikuchuluka. Koma kusintha kwa nyengo sikumene kumataya zinyalala mu ngalande, ndiponso sikumene kumakumba chimbudzi pafupi ndi chitsime. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndi kuchedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi Blantyre, inadutsa m'njira za madzi zomwezi.

Zina sizidikira bajeti ya boma. Bingu likamveka, ana asause pansi pa mtengo kapena m'kanyumba kotsegula m'mbali. M'nyumba akhale kutali ndi makoma, zitseko ndi mawindo, ndipo kukinga madzi kudikire mabingu atasiya kwa mphindi 30. M'minibasi yotseka mawindo ndi motetezeka chifukwa chitsulo chake chimazunguliza magetsi kunja. Chovala chofiira sichiitana mphenzi, ngakhale ambiri timakula tikumva choncho. Koma sukulu ndi matchalitchi, kumene anthu mazana amasonkhana pansi pa denga limodzi lamalata, pamafunika zitsulo zotsitsa mphenzi, luso lodziwika kuyambira nthawi ya Benjamin Franklin cha m'ma 1752. Pa 28 Juni 2011 mphenzi imodzi inapha ana 18 pa sukulu ya Runyanya ku Uganda, ndipo tsikulo tsopano limakumbukiridwa chaka ndi chaka pochenjeza anthu za mphenzi. Makomiti a sukulu ku Area 25 kapena Chinsapo akamakambirana za midadada yatsopano ayenera kufunsa ngati chitsulo chimenechi chili pa pulani. Ndipo munthu akaombedwa, asathawidwe. Thupi lake silisunga magetsi, kumugwira sikuvulaza. Kawirikawiri chimene chachitika nchakuti mtima kapena kupuma kwaima, kotero amene ali pafupi ayambe msanga kumupsinja pachifuwa mwamphamvu ndi mobwerezabwereza ndi kumupumira m'kamwa, ena akusaka galimoto yopita naye kuchipatala.