TIWERENGE MITU TISANAWERENGE MALIRO

Wolemba Mtolankhani Wathu ku Karonga

Kukamveka kuti Karonga United ilandira Bullets kapena Wanderers pa Karonga Stadium, kapena kuti kukubwera woyimba wotchuka, amene amayamba kumwetulira ndi inu a geni. Mayi wa mandasi amakanda ufa usiku, wa chipisi amagula mbatata thumba lonse, wa mbalagha amakasakiratu nthochi. Tsiku loterolo ndalama imayenda. Koma ndani mwa ife anafunsapo kuti kodi malo tikukagulitsirawo amakwana anthu angati?

Funsoli simasewera ayi. Pa 6 July 2017 Amalawi anakhamukira ku Bingu National Stadium ku Lilongwe kukakondwerera zaka 53 za ufulu wodzilamulira komanso kukaonera mpira wa Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers. Zipata zinachedwa kutsegulidwa, chikhamu chinangodzadzana panja. Anthu atayamba kukankhana, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, basi chipwirikiti. Anthu 8 anafa, 7 mwa iwo anali ana. Chomvetsa chisoni n'choti bwalolo limalowa anthu pafupifupi 40,000. Malo analipo m'katimo, imfa inali pachipata.

Chaka chomwecho, mu March, anthu enanso 8 anafa ku Olympic Youth Development Centre ku Lusaka polimbirana kulowa kuti akalandire chakudya chaulere. Ku Ellis Park ku Johannesburg mu April 2001 anafa anthu 43 pa mpira wa Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ambirife timati anthuwa amafa chifukwa chopondedwa. Zoona zake n'zakuti ochuluka amafa chiimirire, atapanikizika pachifuwa mpaka mpweya kukanika kulowa. N'chifukwa chake ana ndi amene amatsogola, poti mphuno zawo zimathera m'mimba mwa akuluakulu. Nanga ndi kutentha kwa kuno ku Karonga mwezi wa October, mwana angapirire mphindi zingati?

Masamu ake ndi osavuta kwa munthu wozolowera kuwerenga chenje. Jambulani pansi malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Anthu awiri akaimapo amapuma bwino, ngakhale kuvina amavina. Akakhala 4 kapena 5 ndiye malire. Akafika 6 kapena 7 munthu sakhalanso mwini wa miyendo yake, amangotengedwa ngati chisoso cha chimanga mumtsinje wa North Rukuru.

Tiyerekeze bwalo la mamita 50 kwa 40. Amenewo ndi malo 2,000. Tichotsepo 500 a nsanja, zokuzira mawu, njira ndi mabenchi anu a malonda, otsala ndi 1,500. Kuchulukitsa ndi 2, ndiye kuti anthu 3,000. Matikiti azithera pomwepo.

Koma nkhani siyinathe. Akatswiri a ku Britain oona za mabwalo amati pakhomo lotambalala mita imodzi, pamalo osakwera, pamadutsa anthu 82 pamphindi imodzi, ndipo bwalo liyenera kutha kutulutsa anthu m'mphindi zosapitirira 8. Chipata chimodzi cha mamita awiri chingatulutse anthu 1,300 okha m'nthawi imeneyo. Anthu 3,000 aja akufuna zipata zokwana mamita 5 tikaphatikiza. Ngati chipata chili chimodzi chomwecho, bwalolo ndi la anthu 1,300, likule bwanji.

Apa tsopano tiuzane zoona a geni anzanga. Ndinaonapo ndi maso angawa pa zoyimba zina kuno kwathu: chipata chimodzi chotsegula, china chokhomedwa ndi loko kuopa olowa ulere, ndipo pakamwa penipeni pa chipata chotsegulacho panali chiwaya cha mafuta owira, mabeseni a zitumbuwa ndi njinga za kabaza. Pa mamita awiri aja panatsala mita imodzi. Magetsi akanangozima, bwenzi tikunena zina.

Tikudziwa, kasitomala ali pachipata. Koma sunthani benchi mapazi khumi chakumbali, wanjala akupezani ndithu. Mwana amene mwamutuma kuti azizungulira ndi mafiriziz musamulole kulowa pakati pa chikhamu. Mukafika, yambani mwaona kuti potulukira pali pati. Mukaona kuti simungathenso kukweza mkono kuti mukande kumutu, yambani kutuluka cham'mbalimbali, manja ali pachifuwa. Ndalama ikagwa pansi isiyeni, osawerama.

Ndipo inu a komiti ya msika, poti khonsolo imatenga ndalama ya tikiti kwa inu tsiku ndi tsiku, muli ndi pakamwa pofunsira. Mwini zochitika akabwera kudzalengeza pachimkuzamawu, mufunseni mafunso atatu: matikiti mwasindikiza angati, zipata zotsegula zikhala zingati, ndipo mutsegula nthawi yanji? Akayamba kukanda kumutu, mudziwiretu kuti iyeyo wawerenga ndalama zokha, anthu sanawawerenge.