Chule woyamba wa mwana wanu

Makolo akandifunsa za chule woweta, ndimayamba ndi msinkhu wa mwanayo. Ngati sanakwanitse zaka 5, dikirani kaye. Achule amanyamula tizilombo ta Salmonella, ndipo kamwana kotere chala sichichedwa kulowa m'kamwa.

Kwa wamkulupo, ine ndimasankha White's tree frog wa ku Australia. Ndi wofatsa, wonenepa ngati wangokhuta kumene, amangoti phee panthambi usana wonse, usiku n'kumasaka tiziwala. Komatu amatha kukhala zaka zoposa 15. Mwana adzapita kusekondale yogonera komweko chule akadalipo, wodyetsa n'kukhala inuyo.

Khungu la chuleyu limamwa chilichonse. Pomugwira, manja asakhale ndi sopo kapena mafuta odzola, ndipo madzi apampopi muziyamba mwawachotsa klorini.