Mankhwala Ena Ali M'manja Mwathu

Dzuwa likamatuluka padooko la ku Makanjira, ku Malindi kapena ku Nkhotakota, timaona abambo akutsika m'bwato atagwira m'chiuno. Usiku wonse achezera kupalasa ndi kukoka chilimira, ndipo msana wachita kuuma. Kunyumba nako mayi wasinja, watunga madzi, waweramira mpunga mwana ali kumbuyo. Ambirife zikafika apa timathamangira kugolosale kukagula Panado. Koma makolo athu ankayamba ndi madzi ofunda, kansalu, timafuta ndi manja. Ankathowa, kenaka n'kutikita.

Luso limeneli si la kwathu kuno kokha. Sing'anga wotchuka Ibn Sina, m'buku lake la zachipatala limene anamaliza kulemba m'chaka cha 1025, analongosola mitundu ya katikitidwe, nalangiza kuti munthu atikitidwe akamaliza kulimbitsa thupi kuti kutopa kuchoke.

Kodi dzanja limachotsa bwanji ululu?

Mnofu ukagwira ntchito imodzimodzi kwa nthawi yaitali umakungika. Dzanja likamayenda pamenepo malowo amafunda, magazi amayenda bwino ndipo mnofu umamasuka. Chinanso n'chakuti uthenga wa kukhudza ukamapita ku ubongo umachepetsa mphamvu ya uthenga wa ululu. N'chifukwa chake mwana akadzigunda chigongono amadzisisita popanda womuuza. Wotikitidwa mtima umakhalanso pansi, ndipo ambiri amagona tulo tabwino.

M'chaka cha 2017 bungwe la madokotala a ku America lotchedwa American College of Physicians linalangiza kuti munthu amene msana wangomuyamba kumene ayambe wayesa njira monga kuthowa ndi kutikita asanathamangire mapiritsi. Komabe mpumulo wake ndi wa masiku owerengeka. Amene amanyamula thumba la usipa atapinda msana m'malo mopinda mawondo adzadwalanso mawa.

Amayi ndi makanda

M'chaka cha 2018 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza kutikita ndi kuthowa ngati njira zochepetsera ululu kwa mayi amene matenda a uchembere amuyamba. Woperekeza angathandize kwambiri posisita m'chiuno mwa mayiyo pang'onopang'ono.

Za makanda ndiye n'zochititsa chidwi. M'chaka cha 1986, katswiri wina ku Miami, Tiffany Field, anafalitsa zimene anapeza pa ana obadwa masiku asanakwane. Ena mwa anawo ankasisitidwa kwa mphindi 15, katatu pa tsiku, kwa masiku khumi. Sikelo yawo inkakwera mofulumira ndi 47 peresenti kuposa anzawo, ndipo anatuluka m'chipatala masiku asanu ndi limodzi anzawo asanatuluke. M'chaka cha 2005 madokotala a ku Dhaka, m'dziko la Bangladesh, anapeza kuti kudzoza ana otere mafuta a mpendadzuwa kunachepetsa matenda olowera pakhungu. Ngati mwana wanu wabadwa wosakwana masiku, yambani mwafunsa anamwino. Pamchombo wosapola pasafike mafuta kapena mankhwala a chikuda.

Katikitidwe kake

Sambani m'manja ndi sopo, wengani zikhadabo, ndipo funditsani mafuta m'zikhato. A mpendadzuwa kapena a kokonati ndi okwanira. Yambani mopepuka, kenaka muzikanikiza pang'onopang'ono. Pamsana yendetsani manja mbali ziwiri za fupa la pakati, osati pafupa penipenipo. Miyendo muziyambira kuphazi kukwera m'mwamba. Mphindi 10 kapena 15 zakwana. Muzifunsa kuti, "Kodi ndikukupwetekani?" Ena amati zikapweteka ndiye kuti zikugwira ntchito, koma limenelo ndi bodza. Mwambo wopondetsa mwana pamsana wa agogo tiusiye, pakuti mafupa a okalamba sachedwa kuthyoka.

Ulemu usasowe. Mayi atikitidwe ndi mwamuna wake kapena mkazi mnzake, bambo ndi mkazi wake kapena mwamuna mnzake, ndipo pamene sipakutikitidwa pafundidwe nsalu.

Pamene dzanja lisafike

Apa ndiye timvetsetsane, abale, chifukwa pagona moyo wa munthu.

Mwendo umodzi ukatupa katumba, n'kumatentha ndi kupweteka, makamaka kwa mayi amene wangochira kumene kapena munthu amene wagona nthawi yaitali, musatikite ngakhale pang'ono. Mwina magazi aundana mumtsempha, ndipo mukawasuntha amakatseka m'mapapo, munthu n'kufa mwadzidzidzi. Ameneyo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Kuphwanya m'thupi kobwera ndi kutentha thupi ndi mutu n'kutheka kuti ndi malungo. Kayezetseni magazi. Kupweteka kwa m'chiuno ndi m'chinena pamodzi ndi magazi mumkodzo n'chizindikiro cha likodzo, limene ife a m'mbali mwa nyanja timalidziwa bwino. Mankhwala ake ndi mapiritsi a praziquantel. Msana wopweteka kwa miyezi, munthu akuwonda ndi kutuluka thukuta usiku, ungakhale TB ya m'mafupa. Ngati miyendo ikuchita dzanzi n'kufooka, kapena mkodzo ukungotuluka wokha, musadikire kuti kuche.

Musatikitenso pamene mukuganiza kuti fupa lathyoka, pachilonda, pachithupsa, kapena pamimba pa mayi woyembekezera. Wodwala wogonera pamphasa akasintha mtundu wa khungu pamafupa a m'chiuno kapena pachidendene, musapakepo dzanja mwamphamvu, chifukwa chilonda chimayambira pomwepo. Muzimutembenuza pakatha maola awiri alionse. Pamene mwakayika funsani achipatala. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Ntchito ya banja lonse

Mankhwala amenewa salira ndalama, amangolira nthawi ndi mtima. Agogo ambiri m'midzi mwathu amadya ndi kuvala bwino, koma pamatha mwezi wathunthu popanda wowagwira dzanja. Mdzukulu akakhala pansi madzulo n'kuwatikita mapazi, nawo amayamba kukamba zimene zikuwavuta, ndipo ndi pomwepo pamene banja limatulukira msanga chotupa kapena chilonda chimene akhala akubisa. Tiyeni tiyambe usiku uno, tikamaliza kudya, ndi amene watopa kwambiri pakhomo pathu.