DStv Ili Ngati Msika: N'chifukwa Chake Simungagule Mpira Wokha

M'nyumba zambiri zokhala ndi dishi padenga dandaulo ndi limodzi. Bambo amangofuna mpira, koma mwezi ukatha amalipirira matchanelo ambirimbiri amene sanawatsegulepo n'kamodzi komwe. Kodi kampaniyi ikulephera chiyani kumugulitsa mpira wokhawo? Yankho lili pabenchi ya mayi wogulitsa tomato mumsika.

Mayiyu sagulitsa tomato mmodzimmodzi. Amaika pamulu: wamkulu wofiira bwino pamwamba, ang'onoang'ono pansi. Mukati musankhe akuluakulu okhaokha akukanizani, chifukwa iye kopikula anagula dengu lonse, ndipo wamkuluyo ndi amene amayendetsa anzake. Ndi mmenenso DStv imachitira malonda. Premium, Compact Plus, Compact, Family ndi Access ndi milu yosiyana kukula ndi mtengo, ndipo tomato wapamwamba pamulu ndi mpira wa SuperSport, makamaka ligi ya ku England ndi Champions League.

Msikawu unayamba ndi benchi imodzi. Mu 1986 makampani a nyuzipepala a ku South Africa, motsogozedwa ndi Naspers, anatsegula M-Net, tchanelo chimodzi cholipira. Mmodzi mwa amene anayambitsa ntchitoyi anali Koos Bekker. Nthawi imeneyo setilaiti sinali m'nkhani. Zithunzi zinkayenda ndi nsanja zapansi, zili zosokonezedwa dala kuti wopanda dikoda asaone kanthu. Madzulo aliwonse M-Net inkatsegulira aliyense kwa maola awiri mwaulere, monga amachitira wamalonda wochenjera amene amakulawitsani kuti mukopeke. Kenaka mbali yotolera ndalama ndi kusamalira makasitomala inaima payokha pansi pa dzina la MultiChoice, ndipo mu 1995 inakhazikitsa DStv, kanema wa dijito wodzera pa setilaiti. Apa msika unadumpha malire a dziko. Pamene Television Malawi inkayamba kuulutsa mu 1999, madishi anali atayamba kale kuoneka m'nyumba za opeza bwino ku Blantyre ndi ku Lilongwe.

Katundu amafika bwanji pakhomo panu? Zithunzi zimatumizidwa kuchokera pansi kupita ku setilaiti imene ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa ikweta. Setilaitiyo imazungulira limodzi ndi dziko, motero kwa ife imaoneka ngati yaima malo amodzi. N'chifukwa chake woika dishi akaloza bwino n'kumanga mabawuti, simufunikanso kuigwedeza. Setilaiti sisankha nyumba: imamwaza matchanelo onse kwa wolipira ndi wosalipira yemwe. Katundu yense wayalidwa pamaso panu koma ndi wophimbidwa, ndipo dikoda imavundukula mulu wokhawo umene mwalipira. Mvula yamphamvu ikamagwa chithunzi chimaduka chifukwa madzi a m'mitambo amafooketsa mafundewo asanafike pa dishi, osati chifukwa wina kuofesi wakuzimitsirani.

Manambala a matchanelo nawo sanangoikidwa mwachisawawa. Msika wabwino umakhala ndi mizere: ansomba kwawo, amasamba kwawo, akaunjika kwawo. Pa DStv mzere wa m'ma 100 ndi wa mafilimu, masewero ndi zosangalatsa, kuyambira ndi M-Net pa 101. Wa m'ma 200 ndi wa zamasewera. Wa m'ma 300 muli za ana, nyimbo ndi zachipembedzo. Cartoon Network ili pa 301. Wa m'ma 400 ndi wa nkhani, BBC pa 400 ndi CNN pa 401. Ku ma 800 kuli mawailesi ndi nyimbo zopanda zithunzi. Munthu akaidziwa mizereyi sasocheranso ndi limoti m'manja.

Poyamba katundu wambiri anali wochokera ku America ndi ku Ulaya. Zinthu zinasintha kampani itaona kuti anthu amafuna kudziona okha pakanema. Mu 2003 kunabwera Africa Magic, imene inalowetsa mafilimu a ku Nigeria m'mabalaza a mayiko ambiri. Chaka chomwecho kunayamba Big Brother Africa, amene anapambana ndi Cherise Makubale wa ku Zambia, ndipo Malawi anaimiridwa ndi Zein Dudha. Mzansi Magic inatsegulidwa mu 2010, Zambezi Magic mu 2015. Kwa amene dishi inawakulira mtengo, mu 2011 kampaniyi inayambitsa GOtv, yogwira ndi eriyo wamba, ndipo dziko loyamba kuilandira linali Zambia.

Nanga mtengo umakwereranji chaka ndi chaka? Funsani kopikula. Ufulu woonetsa ligi ya ku England, mafilimu a ku Hollywood ndi malo pa setilaiti zimagulidwa ndi ndalama zakunja, pamene wogula amalipira makwacha. Kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, dengu lomwe lija limafuna makwacha ochuluka. Wogula naye ali ndi mfundo: malipiro ake sakwera limodzi ndi dola. Mkangano woterewu unafika pachimake m'Malawi mu August 2023, pamene bungwe loyang'anira zoulutsa mawu la MACRA linatsutsa zokweza mitengo, nkhani n'kupita kukhoti, ndipo MultiChoice inalengeza kuti ikuchotsa DStv m'dziko muno. Inabwerera patapita miyezi ingapo.

Masiku ano msikawu suli wokha. Kuli StarTimes, Azam TV, Zuku, ndiponso Netflix ndi YouTube pafoni. Naspers inayankha ndi Showmax ya pa intaneti mu 2015, MultiChoice inatuluka m'manja mwa Naspers mu 2019, ndipo mu 2025 inagulidwa ndi kampani ya ku France ya Canal+.

Kunena zoona, mulu uli ndi ubwino wake. Mpira utamagulitsidwa pawokha, mtengo wake wonse ungagwere okonda mpira okha, ndipo matchanelo ang'onoang'ono, kuphatikizapo oonetsa masewero a kuno kwathu, angasowe owalipirira. Koma n'zoonanso kuti mulu umakugulitsani zimene simudya. Choncho musanalipire mwezi wamawa, khalani pansi ndi a m'nyumba mwanu, mulembe matchanelo amene mumaoneradi, ndipo mugule mulu wochepetsetsa umene uli nawo. Ligi ikapuma mu June ndi July, tsikani mupite pa mulu wotchipa. Malamulo a kampaniyi amalola kutero.